Nyumba ya Almirante

Evaristo atamwalira anandisiyira ngongole ziwiri,
jekete lonunkha dizilo wa padoko,
ndi nsomba imodzi m'kabokosi ka galasi.
Ngongole ndinabweza. Jekete anatenga mlamu.
Nsomba ndiyo sinamve za maliro:
inangodya, n'kumakula,
mpaka potembenuka mchira unkasesa galasi la uku
mlomo ukugunda la uko.

Dzina lake Almirante,
poti imayenda monyang'wa
ngati sitima zonse za Valparaíso zimaichitira sawatcha.

Kusitolo ya mumsewu wa Condell
mnyamata wa ndolo pamphuno anandionetsa thanki
ya malita mazana anayi, mbee, magetsi ake omwe.
Mtengo ndinawerenga kawiri.
Maziro ali ndondondo ngati mazira a chule.
Miyezi itatu yochapa nsalu za m'chipatala,
osadya, osalipira lendi.
Ndinati, "Ndibweranso,"
mawu amene osaukafe timatsekera zitseko mwaulemu.

Lamulungu lililonse ndinkapita kumsika wa zakale,
tepi yoyezera ili m'chikwama.
Ina inali ndi mng'alu, atamatapo chithunzi cha duwa.
Ina ankawetamo mbira, ndipo mphuno inandiuza pakamwa pasanatseguke.
Ina ndinaikonda ndithu,
koma wina wa galimoto anaikweza ndikuwerengabe ndalama.

Anandinong'oneza ndi Ondina,
wodula matikiti pachikepe cha phiri lathu:
"Don Casimiro akutseka malo ake odyera. Thamanga."

Ndinapeza mipando itagadama pamatebulo,
ndipo pakona, ndere bii,
thanki yomwe nkhanu zinkadikiriramo mphika.
Yaitali kuposa bedi langa.
Anati mapeso zikwi makumi asanu ndi atatu.
Ndinayala zanga pakauntala, makumi atatu ndi zisanu,
zina zachitsulo.
Anaseka, ine ndinayamba kutolera.
"Mukuikamo chiyani, mayi?"
Ndinati, Almirante.
Anakhala chete, akupukuta tambula youma kale.
"Zaka makumi awiri," anatero,
"m'menemu simunagonepo chinthu chokhala ndi dzina.
Tengani. Koma konyamula musandiuze."

Chikepe chinatikana, akuti pakhomo m'pochepa.
Basi masitepe, zana limodzi ndi makumi asanu ndi limodzi,
Baltazar mwana wa mchemwali wanga kutsogolo,
Remigio ndi anzake awiri kumbuyo akutukwana motsitsa mawu,
ine pambali ndi bulangete, ndikungoti pang'onopang'ono,
ngati tanyamula wodwala.
Agalu anatiperekeza.
Mwana wina pawindo anafunsa mayi ake kuti wamwalira ndani.

Ndinakwecha ndi viniga mpaka zala kuchita makwinya.
M'makona ndinamata guluu watsopano.
Masiku atatu inakhala pakhonde, yodzaza,
nyuzipepala pansi kuti iulule dontho lililonse.
Nyuzipepala sinanene kanthu.

Tsiku lomusamutsa ndinavala diresi la kutchalitchi, sindikudziwa chifukwa.

Koma taonani:
madzi onsewo, mchenga, miyala yomwe ndinawiritsa,
iye anangosankha kakona kamodzi.
Akasambira kutalika kwa mkono, n'kutembenuka,
pamalo penipeni pomwe galasi lakale linkathera.
Ndinamukalipira. Ndinaponya chakudya kumapeto enawo.
Chinamira iye akuyang'ana.
Usiku ndinakagona, monga mwa masiku onse,
m'mphepete mwa bedi kumanzere,
mbali inayo ili yoyala bwinobwino.

Sabata yachiwiri, m'bandakucha,
nthaka inagwedezeka monga imachitira kuno,
pang'ono chabe, makapu kuyankhulana m'kabati.
Ndinathamanga wopanda nsapato, ndikuganiza za guluu wanga.
Madzi anali kukhavukira pansi,
galasi lili nganganga,
ndipo Almirante, ndi mantha,
anali atawoloka thanki yonse osadziwa.

Anaima kumeneko, zipsepse zikunjenjemera.
Kenaka anabwerera, mwapang'onopang'ono,
akununkhiza mwala uliwonse.

Ndinakolopa mpaka kunja kutayera.
Don Casimiro akuti abwera Lachinayi kudzaona.
Ndamuuza kuti masitepe awerenge yekha.